Mafunso pa Chiyankhulo: Kodi wotentha tchire mwaukatswiri timutchule kuti chiyani?

Mayi wina amene amaphunzitsa pa sekondale ina m'boma la Dedza walemba kuti akukonza kapepala kolangiza ophunzira a Fomu 4 za ntchito zimene angadzagwire akamaliza sukulu. Wafika pa ntchito ya anthu amene amayatsa moto m'nkhalango ndi m'malo osungirako nyama zakutchire ndi cholinga choteteza malowo, ndipo funso lake ndi lakuti: "Ndalemba kuti ntchitoyi ndi yotentha tchire mwadala, koma mnzanga akuti mawuwa akumveka ngati ndikulimbikitsa ana kuchita upandu. Kodi akunena zoona?"

Mnzanuyo akunena zoona, mayi, ndipo khutu lake ndi lakuthwa. Mawu akuti mwadala amasonyezadi kuti chinthu sichinachitike mwangozi, koma m'kayankhulidwe kathu amanyamula fungo la mlandu. Timati mwana waswa mbale mwadala, kapena kuti wina walowetsa mbuzi m'munda mwa mnzake mwadala, ndipo ponena zimenezi timakhala tikuloza munthu chala. Sitinena kuti dokotala wabaya jakisoni mwadala ngakhale kuti anachitadi akudziwa. Mukawonjezera apo mawu akuti kutentha tchire, amene pa wailesi ndi pa misonkhano ya mafumu amatchulidwa pamodzi ndi kusaka mbewa ndi kuotcha makala, kapepala kanu kakhala kakuitanira ana ku ntchito imene mfumu yawo imalipiritsa nkhuku kapena mbuzi.

Chimene chikufunika ndi mawu osonyeza kuti motowo uli ndi mwini wake amene wausankhira tsiku, wauikira malire ndipo akuuperekeza mpaka uzime. Ine ndimakonda kunena kuti kutentha tchire mwadongosolo, chifukwa dongosolo limaphatikiza zonse zitatuzo. Ena amalemba kuti kutentha tchire mosamala, ndipo si kulakwa, kungoti mosamala akunena za mtima wa munthu woyatsayo pomwe mwadongosolo akunena za ntchito yokonzedwa ndi anthu angapo, yokhala ndi chilolezo ndi ndondomeko. Lamulo la zankhalango la 1997, limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, kotero kusiyana kwa wantchito ndi wolakwa kwagona pa dongosolo lomwelo.

Palinso mawu ena amene alangizi a zankhalango amagwiritsa ntchito, akuti kutentha koyambirira kapena kutentha mofulumira. Pa awiriwa sankhani oyambawo, chifukwa mofulumira angamveke ngati mwaliwiro, pomwe chimene chikunenedwa ndi nthawi ya pachaka. Moto umenewu umayatsidwa mvula itangosiya, cha m'miyezi ya Meyi, Juni mpaka Julayi, udzu usanaume kotheratu, ndipo kawirikawiri umayatsidwa m'mawa mame asanakamuke kapena madzulo mphepo itagwa. Umayenda pang'onopang'ono, umasiya zigamba za udzu wosapsa, ndipo usiku ukazizira umazima wokha. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala ndi wina: udzu umakhala utauma gwa, mitengo ya miombo itaphuka masamba anthete, ndipo malawi amakwera mpaka kunsonga. Ku Ndola m'dziko la Zambia, kuyambira m'zaka za m'ma 1930, akatswiri anagawa nkhalango ya miombo m'zigawo, zina n'kumazitentha koyambirira kwa chilimwe chaka ndi chaka, zina kumapeto kwake, zina osazitentha konse. Patapita zaka zambiri, zigawo zotenthedwa mochedwa zinali zitataya mitengo yambiri ikuluikulu ya miombo n'kutsala mitengo yopirira moto monga mlombwa, pomwe zotenthedwa koyambirira zinakhalabe nkhalango. Makolo athu anaona kale kuti moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo wotentha koyambirira amangouchotsera moto wa mu Okutobala tchire loti upiteko.

Ndikuchenjezeni pa msampha umodzi umene ndauona m'zolemba zingapo. Mneni wakuti kutentha ali ndi nkhope ziwiri. Tikati anyamata akutentha tchire, pali wochita ndi chochitidwa. Tikati kunja kukutentha, kapena madzi ndi otentha, palibe amene wayatsa kanthu. Choncho mukalemba kuti ntchitoyi imagwiridwa m'nyengo yotentha, mukuganiza za nyengo yoyatsa moto, wowerenga amva kuti mukunena za Okutobala, nthawi yeniyeni imene moto suyenera kuyatsidwa, pomwe ntchitoyi imagwiridwa kukuzizira. Njira yopewera chisokonezochi ndi kuika mneniyo m'kaonekedwe kosonyeza nthawi kapena malo ochitira chinthu, ndi kutchula chotenthedwacho: nthawi yotenthera tchire. Momwemonso timanena kuti nthawi yobzalira chimanga kapena malo oumikira fodya. Tizilembo tiwiri timeneti, -er- kapena -ir-, tikusiyanitsa uphungu wabwino ndi uphungu wopsereza nkhalango.

Tsopano dzina la munthu wogwira ntchitoyo. Chichewa chimapanga maina a ntchito poika m- kutsogolo kwa tsinde la mneni ndi -i kumapeto, monga mlimi kuchokera ku kulima, mlangizi kuchokera ku kulangiza ndi mphunzitsi kuchokera ku kuphunzitsa. Potsatira lamuloli tikhoza kupanga dzina lakuti mtenthi, ndipo galamala siingatitsutse, koma palibe kholo limene lingakondwe kumva kuti mwana wake akufuna kudzakhala mtenthi. Lakuti wotentha tchire linatengedwa kale ndi anthu olakwira lamulo. Kunena zoona, kwathu kuno palibe amene amalembedwa ntchito yotentha yokhayokha chaka chonse. Kutentha ndi gawo limodzi la ntchito ya alonda a nkhalango, asilikali oteteza nyama zakutchire, alangizi ndi akatswiri a zankhalango. Kumudzi amangoti afolesiti ndi agemu, ndipo maina amenewa ndi omveka poyankhula, koma m'kapepala ka sukulu lembani maina athunthuwo, kenaka mufotokoze kuti ena mwa iwo amaphunzira mwapadera za kasamalidwe ka moto. Mungawauzenso ophunzira anu kuti koleji yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zakutchire ili m'boma lanu lomwelo la Dedza, ndi kuti maphunziro a digiri ya zankhalango amapezeka ku yunivesite ya Mzuzu ndi ku Bunda.

Mnyamata wina wa ku Rumphi, amene akuti amagwira ganyu yolambula njira zotchinga moto, wafunsa mwachidule kuti: "Kodi kupsa, kutentha ndi kuotcha si chinthu chimodzi?"

Ayi, achimwene, ndipo pa ntchito yanuyo kusiyana kwake kungakupulumutseni pa mlandu. Kupsa kulibe wochita. Mukalemba mu lipoti kuti tchire lapsa, mwangonena zimene zachitikira tchirelo ndipo simunaloze munthu. Mukalemba kuti tchire latenthedwa, mwanena kuti alipo amene anayatsa, ndipo akuluakulu anu adzafunsa kuti ndani. Kuotcha kumayandikana ndi kutentha, ndipo m'madera ambiri anthu amati kuotcha tchire popanda vuto, koma mneni ameneyu amakonda kupita kumene moto ukupanga chinthu chofunika: timaotcha chimanga, nyama, njerwa ndi makala. Palinso kuwaula, kumene ndi kupititsa moto pamwamba pokha monga timachitira ndi nkhuku yososola kapena mbewa, ndi kunyeketsa, kumene ndi kutentha mpaka chinthu chisanduke phulusa. Aneni awiri omalizawa ndi amene amafotokoza bwino zimene mumachita ku Nyika. Moto woyambirira umene umayatsidwa pa udzu wa paphiripo umangowaula, ndipo cholinga chake ndi chakuti moto wa m'chilimwe usadzafike pa timagulu ta nkhalango zobiriwira ta m'zigwa n'kutinyeketsa. Malo amene moto wadutsa timawatcha lupsa, dzina lochokera ku tsinde lomwelo la kupsa, ndipo udzu wanthete umene umaphuka pa lupsa ndiwo msipu umene nyama zodya udzu zimathamangira. Moto umene wapulumuka m'manja mwa anthu, kapena umene unalibe mwini chiyambire, ndiwo timati moto wolusa, pouyerekeza ndi chilombo.

Popeza mwatchula njira zotchinga moto, ndinene kuti mneni wanu wakuti kulambula ndi woyenera ndithu, chifukwa ndi womwewo timagwiritsa ntchito polambula msewu kapena njira ya kumanda, kutanthauza kuchotsa udzu ndi khasu mpaka dothi lioneke. Kutchetcha ndi chikwakwa sikufika pamenepo, popeza udzu wotchetcha ukasiyidwa pomwepo umauma n'kusanduka mlatho wa moto. Ntchito yolambulayi ndi yaikulu ku Chikangawa, kumene mitengo ya paini inabzalidwa pa mahekitala oposa 50,000, ndi pa phiri la Mulanje, kumene mkungudza sumaphukanso ukapsa. Mitengo iwiriyi siipirira moto ngati miombo, choncho kumeneko mawu akuti kuteteza ku moto amatanthauza kuutsekera kunja. Pali njira inanso imene ozimitsa moto amagwiritsa ntchito moto wolusa ukakula kuposa nthambi ziwisi zoupunthira: amayatsa moto wawo m'mphepete mwa njira yolambulidwa kuti upite kukakumana ndi wolusawo, ndipo iwiriyo ikakumana imazima chifukwa chosowa udzu. Anthu amaufotokoza ndi chiganizo chathunthu chotere, koma ine ndingakonde titautcha moto wochingamira, monga timachingamira mlendo panjira asanafike pakhomo. Limeneli ndi ganizo langa chabe, ndipo lidzakhala mawu enieni pokhapokha inu a kutchire mukalilandira.

Funso lachitatu lachokera kwa bambo wina amene amamasulira zikalata za bungwe loona zachilengedwe ku Machinga. Iye akuti: "Pomasulira dzina la ntchito ya woyang'anira malo otetezedwa, ndimasinthasintha pakati pa kusunga, kusamala ndi kuteteza. Kodi woyenera ndi uti? Nanga ndinene kuti malo, nthaka kapena dziko?"

Aneni atatuwa ndi apachibale, bambo, koma sagwira ntchito imodzi. Kusunga ndi kuika chinthu padera kuti chisathe kapena chisatayike, monga kusunga mbewu m'nkhokwe kapena ndalama kubanki, ndipo chosungidwacho sichikhudzidwa mpaka tsiku lake. Kuteteza kumafuna mdani: timateteza njovu kwa opha nyama mozembera lamulo, ndipo timateteza minda ya anthu ku njovu, monga ikuchitira mipanda ya magetsi ya ku Liwonde, kumene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa ntchito mogwirizana ndi boma kuyambira mu 2015, litayamba ndi Majete mu 2003. Kusamala ndiko kuli ndi manja: wosamala mwana amamusambitsa, amamudyetsa, nthawi zina amamumwetsa mankhwala owawa. Munthu amene ntchito yake ndi kusankha chigawo choti chitenthedwe chaka chino, kulola anthu a m'midzi yozungulira kudzamweta udzu wofolera moto usanayatsidwe, kuzula zomera zachilendo ndi kuwerenga nyama, akusamala malowo. Mukamutcha wosunga, owerenga adzadabwa kumuona ali ndi machesi m'manja, chifukwa wosunga chinthu sachiyatsa.

Pofuna dzina la ntchito yonseyo, gwiritsani ntchito kapangidwe kathu ka ka- kutsogolo ndi -idwe kapena -edwe kumapeto, kamene kamatanthauza njira yochitira chinthu: kasamalidwe ka malo, kayendetsedwe ka nkhalango, katenthedwe ka tchire. Kapangidwe kameneka kamakupulumutsani ku ziganizo zazitali zoyamba ndi mawu akuti mmene kapena momwe, zimene zimachuluka m'zikalata zomasuliridwa. Koma musaunjike atatu m'chiganizo chimodzi, chifukwa chikalata chotere chimalemera pochiwerenga mokweza pamsonkhano wa komiti ya m'mudzi yoona zachilengedwe, kumene zikalata zanuzo zimakathera.

Pa funso lanu lachiwiri, nthaka ndi dothi limene timalima, lija limakokoloka ndi madzi, choncho kasamalidwe ka nthaka ndi nkhani ya migula, akalozera, manyowa ndi kuphimbira mapesi m'malo mowatentha pososa. Dziko limapita ku ulamuliro, kaya wa boma kaya wa mfumu yaikulu. Chimene mukufuna inu ndi malo, chifukwa mawu amenewa amatenga zonse zimene zili pamenepo: dothi, mitengo, udzu, madambo, mitsinje ndi nyama. Dzina la ntchitoyo likhale woyang'anira kasamalidwe ka malo otetezedwa. Kumbukiraninso kuti malo amatenga mgwirizano wa zambiri ngakhale pamene mukunena za amodzi, choncho timati malo ano ndi otetezedwa, ndipo powerenga timati malo amodzi, malo awiri. Tchire ndi thengo zimatenga la, n'chifukwa chake timati tchire lapsa ndi thengo lauma, pomwe nkhalango imatenga ya ikakhala imodzi ndi za zikakhala zambiri: nkhalango ya Dzalanyama yatenthedwa koyambirira, nkhalango za m'chigawo chapakati zalambulidwa njira zotchinga moto.