Dothi logula landimerera udzu wokhawokha

FUNSO: Alangizi, mwezi watha ndinagula lole imodzi ya dothi lapamwamba kuti ndikonze mabedi a maluwa kuseri kwa nyumba. Linafika lakuda bii, lopanda ngakhale katsamba. Nditaliyala n'kuyamba kuthirira, masabata awiri asanathe mabedi onse anangoti biriwiri ndi udzu. Bedi limodzi ndinawokeramo kale maluwa, atatu enawo sindinadzalemo kanthu. Kodi wogulitsayo anandipusitsa? Ndichotse dothi lonselo kapena ndipopere mankhwala? — Mayi wokhumudwa

YANKHO: Pepani mayi, koma dothilo musalitaye, ndipo musafulumire kukazazira wogulitsa. Dothi lapamwamba lililonse limasunga njere za udzu zambirimbiri, zina zagona m'menemo kwa zaka. Polikumba ndi poliyala, njere zomwe zinali pansi zabwera pamwamba, zapeza kuwala, inu mwazipatsa madzi, basi zadzuka. Ine ndimada nkhawa kwambiri ndi dothi lomwe mungalithirire mwezi wathunthu osamera kanthu, chifukwa nthawi zina limakhala lapansi penipeni lopanda chonde, kapena lili ndi mankhwala otsalira.

Choyamba, zulani udzu pang'ono muyang'ane mizu yake. Ngati ukuzuka mosavuta, uli ndi timizu tating'ono ngati ulusi, ndi womera kuchokera ku njere: chisoso, bonongwe ndi anzawo. Umenewu ndi wosavuta.

M'mabedi atatu opanda kanthuwo chitani izi. Pa tsiku ladzuwa, m'mawa, paliranimo mopala pamwamba pokha, khasu lisalowe kupitirira masentimita 2, ndipo siyani udzuwo uume pomwepo. Thiriraninso, dikirani masiku 10 mpaka 14, paliraninso. Mukabwereza kawiri kapena katatu, njere zapamwamba zimakhala zatha, ndiye mudzale. Apa ndipo ambiri amalakwitsa: akaona udzu amatenga khasu n'kutembenuza bedi lonse. Chonde musatero. Njere zing'onozing'ono zambiri zimamera zikakhala pafupi ndi pamwamba, zakuya zimangogona. Mukatembenuza dothi mwatulutsa gulu lina latsopano, ntchito yayambiranso pachiyambi.

M'bedi lomwe muli maluwa zulani ndi manja dothi likadali lonyowa, kenako phimbirani ndi masamba ouma kapena makungwa ophwanya, kukhuthala kwake masentimita 5 mpaka 8, koma zisakhudze tsinde la duwa. Mukafuna, yalani kaye makatoni pansi pake. Udzu wophimbira ukhale wopanda njere, apo ayi mukhala mukufesa nokha vuto. Ndipo musalole ngakhale chomera chimodzi chichite maluwa: bonongwe mmodzi wokhwima amatha kugwetsa njere masauzande ambiri.

Nkhani imasintha mukapeza dawe kapena kapinga. Dawe ali ndi tsinde la ngodya zitatu, mulipotokole pakati pa zala mumva, ndipo pansi ali ndi timinkhaka tolumikizana ngati mikanda. Kapinga amayanga, ndipo kachidutswa kalikonse kokhala ndi mfundo kamaphuka. Khovani nayenso mukamudula n'kumusiya pa dothi lonyowa amagwiranso. Izi zinandichitikira ine: ndinagula dothi lokhala ndi dawe, ndinkangozula masamba timinkhaka n'kutsala pansi, ndipo sabata iliyonse ankabwerera. Chinandithandiza ndi foloko ya m'dimba. Ndinkafukula pang'onopang'ono, kutsatira ulusi mpaka kankhaka komaliza, n'kuyanika zonse padzuwa pamalo ouma. Musaziponye mu kompositi, pokhapokha mulu wanu umatentha kufika madigiri 55 mpaka 60, zomwe miulu yambiri yapakhomo siifika. Panopa dothi lanu likadali lofewa, choncho ino ndiyo nthawi yabwino yofukula, mizu isanakhazikike. Ngati dawe kapena kapinga wadzaza mabedi onse, pamenepo muli ndi chifukwa chokadandaula kwa wogulitsa. Jambulani zithunzi mupite nazo.

Za mankhwala, ine sindingakulimbikitseni pa mabedi anayi okha. Mankhwala ophera udzu otchedwa Glyphosate amapha chomera kudzera m'masamba obiriwira, sapha njere zomwe zili m'dothi, ndiye pakatha masabata angapo udzu wina umeranso. Komanso akangodonthera pa duwa lanu, nalonso lipsa. Ngati kukutentha kwambiri, njira ina ndi kuthirira bedi lopanda kanthu, kuliphimba ndi pulasitiki yoonekera mkati, kukwirira m'mbali mwake, n'kusiya masabata 4 mpaka 6 kuti dzuwa liphe njere zapamwamba. Koma dawe amatha kuboola pulasitiki, choncho muyambe mwamufukula.

Mukadzafuna kugulanso, funsani komwe dothilo lakumbidwa ndiponso ngati linasefedwa. Pemphani lodzaza chidebe chimodzi, muliyale m'beseni lobooka pansi, muthirire masabata awiri muone zomwe zimere, musanaitanitse lole.