Pasipoti yanu isagone m'kabati ya bwana

Abale anga obwera kumene, mwezi wanga woyamba kunja kuno ndinkagwira ntchito ndi mnyamata wina, nzika ya dziko lino. Kulowa limodzi, kuweruka limodzi, katundu wonyamula yemweyo. Tsiku lolandira, ndalama yake inaposa yanga, ndipo maola anga a ovataimu sanawerengedwe n'komwe. Sindinafunse. Ndinkaopa kuti ndikangotsegula pakamwa andiloza chipata, poti panja panali anzanga ambiri ofuna malo omwewo.

Mantha amenewa ndiwo amatsitsa malipiro athu. Bwana amadziwa kuti mlendo alibe kothawira: chilolezo chogwirira ntchito chili m'dzina la kampani yake, lendi ikudikira, abale kwanu akuyang'ana kwa inu. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linapeza mu 2020 kuti m'mayiko olemera alendo amalandira ndalama zochepa ndi pafupifupi 13 peresenti poyerekeza ndi eni dziko. Kwa amayi chilango n'chapawiri, cha kukhala mlendo ndi cha ukazi. Zimandiwawa kuona mphunzitsi kapena namwino wophunzira bwino akulandira ngati sanapondepo m'kalasi.

Ndiye chimene muyenera kumanga kuyambira tsiku loyamba ndi mphamvu yoti mutha kuchoka. Pasipoti ikhale m'manja mwanu. Bwana akati aisunge kuti isatayike, mupatseni fotokope basi. Munthu amene pasipoti yake ili kwa wina sangakane chilichonse, ngakhale malipiro atachedwa miyezi itatu. Ejenti wofuna kuti mumulipire kuti akupezereni ntchito muchenjere nayenso. Pangano la ILO la nambala 181, la chaka cha 1997, limati makampani opezera anthu ntchito asamalipiritse wofuna ntchitoyo. Ngongole ya ejenti ndi chingwe chimene chimamanga ambiri pa ntchito yozunza.

Safunsa anadya phula. Funsani malipiro otsikitsitsa amene lamulo la kumene muliko limalola, chifukwa kawirikawiri lamulolo silisankha nzika kapena mlendo. Ku South Africa linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019, ndipo kale mu 2008 khoti loona za ntchito kumeneko linagamula kuti munthu amene chilolezo chake chatha akadali wantchito, angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, akachotsedwa mopanda chilungamo. Ku Qatar, mu 2020 anachotsa lamulo lofuna kuti bwana avomereze kaye musanasinthe ntchito. Mabwana ena sangakuuzeni zimenezi, ndipo ena amachita ngati sakuzidziwa.

Kulandira ndalama pamanja kumakoma, poti palibe chodulidwa. Koma tsiku limene makina adzakuvulazeni, palibe pepala losonyeza kuti munagwirapo ntchito pamenepo, ndipo chipukuta misozi kapena penshoni simudzaziona. Pemphani kontilakiti yolembedwa, sungani mapepala onse a malipiro. Musatumizenso zonse kwanu, ngakhale mtima ukuuzeni kutero. Siyani pambali yokwanira miyezi iwiri kapena itatu. Ndiyo idzakulimbitseni mtima kukana zachipongwe.

Kumbukiraninso kuti malipiro amene mwavomera lero ndi amene adzapatsidwe m'bale wobwera pambuyo panu, ndipo eni dziko akaona mitengo ya ntchito ikutsika amakwiyira ife m'malo mokwiyira wolemba ntchito. Lowani m'bungwe la ogwira ntchito ngati lilipo, muzicheza nawo eni dzikowo za malipiro popanda manyazi.

Mnyamata uja ndi amene anandiphunzitsa kugula kakope n'kumalemba tsiku, ola lolowera ndi ola lowerukira. Patatha miyezi isanu ndinapita nako ku ofesi, iye ataima pambali panga ngati mboni. Anandibwezera ovataimu ya miyezi inayi. Ya mwezi woyamba uja inapita, chifukwa sindinalembe.