Namwino wa pakampani, matenda a wantchito si nkhani ya abwana

Mtsikana wina wa ku Dwangwa wafunsa motere: "Agogo, ndayamba ntchito ya unamwino pakiliniki ya esiteti ina ya mzimbe. Abwana amandifunsa kuti wakutiwakuti akudwala chiyani, achibale amafuna makalata oti akapume asakudwala, ndipo ndimachita manyazi kudzudzula azibambo aakulu akakana kuvala zodzitetezera. Nditani?"

Mdzukulu wanga, ndakondwa kuti wafunsa usanazolowere zolakwika. Malipiro ako akuchokera kwa abwana, inde, koma amene amavula malaya pamaso pako ndi wodula mzimbe. Munthu ameneyo akakuuza za m'thupi mwake wakupatsa chinthu chimene mwina ngakhale mkazi wake sanamuuze.

Abwana akafunsa, yankho lako likhale pa ntchito basi: munthuyu angathe kugwira, kapena apume masiku akuti, kapena achotsedwe kaye kopopera mankhwala. Dzina la matenda lisatuluke pakamwa pako. Kaya ndi shuga, kaya khunyu, kaya akumwa ma ARV, zimenezo zitsale m'faelo yotsekeredwa. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha kachilombo, ndipo bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene linakupatsa chiphaso, likhoza kukulanga ukaulula za wodwala. Ukakana, kana mwaulemu: "Pepani bwana, ntchito yanga siyindilola kunena zimenezo." Tsiku loyamba adzakwinya nkhope. Koma antchito akangomva kuti pakiliniki nkhani zimatuluka, adzasiya kubwera, ndipo wa chifuwa chachikulu adzakhosomolera anzake m'thirakitala miyezi yambiri asanadziwike.

Usamale kwambiri ndi kunyumba. Kumpanda onse amadziwana, mumakumana kumsika, kutchalitchi, kumzikiti, pamaliro. Kamawu kamodzi konena uli pamtondo, madzulo kafika kwa apongozi a mwiniwake.

Za makalata aboza sindichulutsa. Msuwani wako umuthandize ndi ufa kapena sopo, koma siginecha yako ayi.

Tsono za azibambo aja. Mwambo wathu sunaletsepo mwana kuchenjeza wamkulu. Chimene umakana ndi kumuchititsa manyazi pagulu. Usamukalipire bambo wa imvi pamaso pa anyamata amene iye amawalangiza. Muitanire pambali, umupatse moni wokwanira, ufunse za kunyumba, kenaka unene kuti, "Bambo, makutu anuwa ndikuwadera nkhawa." Ufotokoze chifukwa chake. Phokoso lofika madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) munthu akamakhalamo maola 8 tsiku ndi tsiku limapha makutu pang'onopang'ono, osamva kuwawa, ndipo akafa sabwerera. Ufunsenso chimene akukanira. Kawirikawiri si mwano: magambuti ndi aang'ono, masiki akumubanika pa dzuwa la Okutobala, magolovesi anang'ambika kalekale. Zikatero nkhani yasanduka ya abwana, chifukwa lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997 limaika udindo woteteza antchito pa wolemba ntchito. Pamenepo ndiye ulimbe mtima polankhula ndi akuluakulu a kampani.

Ife a msinkhu wathu tinaona amuna akubwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi masutikesi ndi mawailesi, koma zifuwa zitadzaza fumbi la miyala. Ambiri anatha ndi chifuwa kumudzi kuno popanda pepala losonyeza kumene matendawo anawatenga. Nchifukwa chake ndikuti cholembera chako uchilemekeze. Munthu akadzitema ndi chikwanje, makina akamudya chala, mankhwala akamugwera m'maso, lemba tsiku, nthawi, malo ndi mmene zinachitikira, ngakhale bala lioneke laling'ono. Chipukuta misozi cha pansi pa lamulo la ovulala pantchito la 2000 chimayendera malipoti amene amafika ku ofesi ya zantchito. Wina akadzakunong'oneza kuti ulembe zoti anavulalira kunyumba, ukumbukire kuti ukulanda ana a munthuyo chakudya.

Usamangokhala pampando kudikira odwala. Vala magambuti upite kumunda. Ukaone ngati madzi akumwa akufika kwa odula mzimbe, chifukwa thukuta lambiri popanda madzi limawononga impso. Uwaphunzitse kuyang'ana mkodzo wawo: ukada, madzi achepa m'thupi. Othirira amene amaponda m'ngalande uziwafunsa za magazi mumkodzo, poti likodzo kuno kunyanja ndi lambiri ndipo mankhwala ake, praziquantel, alipo. Opopera asadye kapena kusuta asanasambe m'manja, ndipo ovolosi yopoperera isachapidwe pamodzi ndi zovala za ana.

Pali china chimene aphunzitsi ako mwina sanakhudze. Kuno ku Nkhotakota abale athu Achisilamu ndi ambiri, ndipo m'mwezi wa Ramadan amagwira ntchito atamanga, osadya kapena kumwa usana wonse. Usawauze mwachipongwe kuti amasule. Kambirana ndi akapitawo kuti ntchito yolemetsa aziigwira m'mamawa kusanatenthe, uwalimbikitse kumwa madzi okwanira pa daku, chakudya chimene amadya kusanache, ndipo amene ali ndi shuga kapena akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku ukhale nawo pansi mweziwo usanayambe. Pamene pavuta, pempha ashehe a m'deralo kuti mulankhule nawo limodzi.