Funsani Amalume: mpunga wa ku Lifuwu, ngongole ndi geni za kuno ku Salima

FUNSO: Amalume, ine ndi mayi wa ana anayi, ndimakhala kufupi ndi sikimu ya mpunga ku Lifuwu. Ndimalimako pang'ono komanso nthawi yokolola ndimapikula kwa anzanga nkumagulitsa kwa mavenda obwera ndi malole kuchokera ku Lilongwe, koma phindu silikuoneka, ndalama imangodutsa mmanja basi. Ndikufuna nditenge ngongole geniyi ikule nde ena akuti ndipite ku NEEF, thumba la boma lobwereketsa ndalama, ena akuti ku banki mkhonde komweko. Ndipange bwanji? Mayi wa ku Lifuwu.

YANKHO: Mayi, musanathamangire ngongole tiyeni tione kaye pomwe ndalama yanu ikuthawira. Mukugulitsa mpunga wosapuntha, komanso mukugulitsa mu May ndi June pomwe khomo lililonse ku Lifuwu lili ndi matumba pakhonde, ndekuti amene akutchula mtengo ndi venda uja osati inu. Iye akafika nawo kutauni amapunthitsa, kupeta, kuchotsa timiyala ndi woswekasweka, kuthira mmapaketi, Kilombero kapena Faya yemweyo wanuyo nkukhala pa shelefu mtengo wina wina. Zimandiwawa ndithu ndikalowa mu shopu pa Kamuzu Road nkupeza anthu akugula mpunga wa mpaketi wopakidwa kutali chonsecho madimba ake ali pompano.

Thumba la makilo 50 la wosapuntha likalowa mchigayo limatulutsa makilo 30 kapena kuposerapo pang'ono, kutengera mmene munaumitsira, ndipo gaga wake oweta nkhumba ndi nkhuku amagula, woswekayo naye ali ndi msika wake kwa amayi ophika phala. Yambani mwayesa ndi matumba awiri okha, mulembe mu kope ndalama yogulira, ya chigayo, ya kabaza, ya matumba, kenako zomwe mwapeza. Kope limeneli ndi lomwe likuuzeni ngati ngongole ikufunikadi komanso ya zingati.

Tsopano za banki mkhonde. Ndi yabwino, ine ndimaikonda chifukwa ndalama ndi yanu yomwe ndipo chiwongola dzanja chimabwerera kwa inu nomwe pogawana kumapeto a chaka. Koma magulu ambiri amadula 10 kwacha ena mpaka 20 kwacha pa 100 kwacha iliyonse pamwezi, nde zimenezi zimayenera geni yothamanga monga tomato, mandasi kaya usipa yomwe ndalama imabwera sabata yomweyo. Mpunga woti musunge mpaka December kapena January mtengo utakwera sungagulidwe ndi ndalama yotero, pofika nthawi yogulitsa phindu lonse ladyedwa kale, ndipo apa ndi pomwe anthu amayamba kukatenga ku gulu lina kuti abweze ku gulu loyamba mpaka kugwa mmanja mwa akatapila. Thumba la boma lija, lomwe linayamba ndi dzina loti MARDEF kenako MEDF nkudzakhala NEEF mu 2020, chiwongola dzanja chake chimakhala chotsikirapo, koma mukapita musangosayina, funsani mwezi woyamba kubweza ndi uti, chikole akufuna chani, nanga ngati ili ya pagulu mnzanu akalephera ndani alipire. Ndi ngongole imeneyo mayi, olo wina akuuzeni pa msonkhano kuti ndi ya boma sabweza, amabwera kudzatenga katundu.

Maganizo anga enieni ndi oti nokha simupita patali. Pezani anzanu, lamulo limalola anthu khumi kuyambitsa kopaletivi, pitani ku ofesi ya zamalonda ku khonsolo akuthandizeni kulembetsa, kapena lowani mu yomwe ilipo kale ku sikimuko. Pulojekiti ya AGCOM yomwe imathandizidwa ndi World Bank yakhala ikupereka ndalama ku makopaletivi zogulira zigayo ndi kumanga nyumba zosungira katundu, iwo amaika 70 pa 100 iliyonse, alimi nkusonkha yotsalayo, ina ndalama ina zinthu ngati njerwa ndi mchenga. Munthu mmodzi sapatsidwa. Mukakhala ndi chigayo chanu nkupeza chiphaso cha MBS, bungwe la boma loona ngati katundu ali wabwino, mashopu akuluakulu amayamba kukumverani, ndipo ntchito yopeta ndi kupakira imatsala kwa ana a ku Lifuwu konko.

FUNSO: Amalume, timangomva kuti Salima ikutukuka, kuli fakitale ya shuga, ya mango, magetsi a sola ku Nanjoka, malo ogona alendo ku Senga Bay, koma ife achinyamata sitikuonapo kanthu. Ine ndimawotcherera zitsulo, ndimapanga mageti ndi mawindo, ntchito zikuluzikulu amapatsa anthu ochokera ku Lilongwe. Nde chitukukocho ndi cha ndani? Mnyamata wa pa Kamuzu Road.

YANKHO: Mphwanga, kudandaula kwako nkomveka ndipo sindikutsutsa. Sola ya ku Nanjoka ija, ya kampani ya JCM, ndi ya 60 megawatts, inayamba mu 2021, koma magetsi ake amalowa mu mawaya a ESCOM nkugawidwa dziko lonse, nchifukwa chake akhoza kuthima pa shedi yako mapanelo ali pompo. Makampani otere akabwera mboma lathu akuyenera kumagula zinthu kwa eni dera, ndipo khonsolo ndi mafumu azilankhulapo zimenezi nthawi yopereka malo osati pambuyo.

Koma nawe ndikufunse, bizinesi yako inalembetsedwa? Uli ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku MRA? Akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesi? Akauntanti wa kampani sangatulutse ndalama ya mageti khumi nkutumiza pa Airtel Money ya munthu wopanda invoisi, olo ntchito yako ikhale yokongola bwanji, ndipo anzako aku Lilongwe aja nthawi zambiri chomwe akuposera ndi mapepala amenewa basi. Kulembetsa dzina la bizinesi ku boma pano kumatheka pa intaneti. Palinso lamulo la mu 2020 loti maofesi a boma pogula katundu aziyamba aganizira mabizinesi ang'onoang'ono a Amalawi, mawindo a sukulu, madesiki, zitseko za chipatala, koma limagwira kwa olembetsa okha. Jambula ntchito zako zonse pa foni, sindikiza kotesheni yooneka bwino, uyende wekha ku malodge a ku Senga Bay, chinyontho cha kunyanja chimadya zitsulo nde mageti ndi mabagala amafuna kukonza pafupipafupi. Ukapeza oda yokukulira usakane, gawana ndi anzako awiri a pa mzere wanuwo.

FUNSO: Ndimagulitsa usipa wouma, nthawi ya mvula katundu amandiolera pa thandala komanso ku chilumba cha Mbenji akatseka usodzi nsomba zimasowa. Nditani? Mtsikana wa ku Chikombe.

YANKHO: Chemwali, Mbenji amatseka December nkutsegula April, ndi mwambo wakale wa kwa Makanjira ndipo ndi umene ukusunga nsomba kumeneko, nde miyezi imeneyo uziiwerengera chaka chisanathe, kapito ina uziiponya ku nyemba kapena ufa. Za kuola, funsa alangizi a zansomba kapena komiti ya pa doko za matenti a pulasitiki oumitsira nsomba ndi dzuwa, usipa wake suona mvula, mchenga kapena ntchentche ndipo kutauni umagulidwa bwino. Tenti ndi yodula kwa munthu mmodzi, musonkherane amayi a pa doko lanulo muzisinthana masiku oyanika.