Akukanizani chiphaso cha takisi pakamwa? Lembani kalata lero

Dalaivala wina wa mu Lilongwe walemba kuti ali ndi Sienta ya nambala zofiira yomwe amanyamulira anthu. Atapita kukawonjezera nthawi ya chiphaso chake cha road service permit, munthu wa pawindo ku ofesi ya Road Traffic adangomuuza kuti "sichituluka", osapereka chifukwa, osapereka pepala. Amalume ake akuti adekhe, iwo akudziwa bwana wina mkatimo. Galimoto yakhala pakhomo miyezi iwiri, ngongole ya kubanki mkhonde ikukula. Akufunsa ngati angasume.

Bambo, pa miyezi itatu yomwe lamulo limakupatsani, iwiri yapita kale mukudikira amalume. Tiyambire pamenepo.

Nkhani ngati yanuyi imapita ku High Court kudzera m'njira yotchedwa judicial review, kumene woweruza amaunika ngati ofesi ya boma idatsata malamulo popanga chiganizo. Malamulo oyendetsera milandu a 2017, pa Order 19, amati pempho lotere lifike kukhoti msanga, pasanathe miyezi itatu kuchokera pomwe chiganizocho chidapangidwa. Samawerengera tsiku lomwe mwatopa ndi "bwerani mawa". Amawerengera tsiku lomwe adakukanirani. Khoti lili ndi mphamvu yowonjezera nthawi, koma limafuna chifukwa chomveka, ndipo sindingakulangizeni kuti mukaime pamaso pa woweruza n'kunena kuti mumadikira m'bale wanu alankhule ndi mnzake wa mkati. Chifukwa chimenecho chikhoza kukuyipitsani inuyo.

Ndaonapo milandu yabwino ikuthera pakhomo penipeni pa khoti chifukwa cha zimenezi. Munthu adalakwiridwadi, koma woweruza sadafike n'komwe pa funso loti adalakwiridwa kapena ayi. Loya wa boma amangoimirira n'kufunsa zinthu ziwiri: chiganizo chomwe mukudandaula nachocho chili kuti, ndipo chidapangidwa liti? Wodandaula alibe kalata, sakukumbukira tsiku, dzina la yemwe adamukaniza salidziwa. Ofesi nayo imati sidakane chilichonse, fayilo ikadali m'manja. Mukatero mwapanikizika mbali zonse: mukati adakukanizani kale, akuti mwachedwa, mukati sadamalize, akuti mwafulumira. Chizolowezi chokana zinthu pakamwachi chimandinyansa, chifukwa ogwira ntchito m'maofesi amadziwa bwino lomwe kuti pepala ndilo limawamanga.

Mankhwala ake ndi kalata. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wochitiridwa zinthu mwachilungamo ndi maofesi a boma, komanso wopatsidwa zifukwa zolembedwa pamene chiganizo chakhudza ufulu kapena zofuna zake. Gawo 29 limateteza ufulu wogwira ntchito ndi kupeza zofunika pamoyo. Lembani kwa mkulu wa ofesiyo, mutchule nambala ya galimoto, tsiku lomwe mudapereka pempho, tsiku lomwe adakukanizani, ndipo mupemphe chiganizo ndi zifukwa zake molemba pasanathe masiku 7. Pitani ndi makalata awiri, imodzi ayidinde chidindo cha tsiku n'kukubwezerani. Koma musaganize kuti kalatayo yaimitsa nthawi. Ine ndimawerengabe kuchokera tsiku la pawindo lija, kuti tisadzakangane nazo kukhoti.

Musayembekezenso zambiri. Gawo 29 silikutanthauza kuti boma lilibe mphamvu yoika malamulo pa ntchito yonyamula anthu. Lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act limalola zimenezo. Ngakhale mutapambana, kawirikawiri khoti silipereka chiphaso lokha. Limafafaniza chiganizocho n'kulamula ofesi kuti iunikenso pempho lanu moyenera, ndipo ikhoza kukukanizaninso, ulendo uno ndi zifukwa. Ndalama za miyezi yomwe galimoto yakhala chabe n'zovuta kuzipeza m'njira imeneyi. Woweruza akhozanso kufunsa ngati mudayamba mwadandaula kwa akuluakulu a ofesiyo, n'chifukwa chake kalata ija ili ndi ntchito ziwiri.

Zotsalazi mwachangu. Onani dzina lomwe lili pa blue book ndi pa chiphaso chakale. Ngati ndi la amalume kapena la yemwe adakugulitsani galimoto, wodandaula ndi iyeyo, ndipo mwina vuto lonse lagona pomwepo. Onetsetsani kuti COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), inshuwalansi yonyamulira anthu ndi PrDP yanu (chilolezo cha dalaivala wonyamula anthu) zonse zili ndi moyo, poti chimodzi mwa izi chikatha, ofesi ili ndi poyambira. Madobadoba asiyeni, ndalama iliyonse ya boma ikhale ndi risiti, ndipo wina akakupemphani ya fanta, nkhaniyo ndi ya ku Anti-Corruption Bureau. Musaitulutse galimoto usiku kuti mupezeko ya ndiwo: kunyamula anthu popanda chiphaso ndi mlandu, ndipo pakachitika ngozi kampani ya inshuwalansi ikhoza kukukanani.

Ngati ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau sabata ino ndi mapepala onse. Ofesi ya Ombudsman imalandiranso madandaulo otere kwaulere, koma kukadandaula kumeneko sikuimitsa miyezi itatu ya kukhoti ija. Amalume muwathokoze, kalata mukapereke mawa m'mawa.