Mwandifunsa za ma vampire amphamvu, mwandikumbutsa Sorin wanga

Imelo yafika Lachiwiri usiku kuchokera kwa mnyamata amene wangoyamba kusewera masewera a makhadi a Magic: The Gathering ku Cape Town. Wasunga kandalama, amakonda ma vampire, ndipo akufuna adziwe makhadi amphamvu kwambiri a mtundu umenewu kuti agule. Funso ndi lomwelo basi. Achimwene, ndikanatha kukulemberani mayina khumi n'kukagona, koma mwagunda pachilonda. Mupirire, ndiyambira kutali.

Mu Febuluwale 2024 ku Chicago kunali mpikisano waukulu wa Pro Tour, ndipo Seth Manfield anapambana ndi deki (mulu wa makhadi osewerera) ya ma vampire mu Pioneer, umodzi mwa mitundu ya kaseweredwe ka Magic. Ine ndinkaonera pafoni nthawi yopuma kuntchito kuno ku Johannesburg, chakudya chikuzizira. Chinsinsi cha deki ija chinali makhadi awiri. Loyamba ndi Sorin, Imperious Bloodlord, la mu 2019, lofuna mana atatu okha (mana ndi mphamvu yolipirira makhadi). Ukangomuika patebulo, Sorin amakulola kutsitsa vampire aliyense amene ali m'manja mwako osalipira kalikonse. Kwa zaka zingapo mphamvu imeneyi sinkaopsa kwenikweni, chifukwa panalibe vampire woyenera kumutsitsa mwa njira yotere. Kenaka kunabwera Vein Ripper, wa mu gulu la makhadi la Murders at Karlov Manor: mana sikisi, 6/5 (mphamvu yomenya 6, yopirira 5), wouluka. Cholengedwa chilichonse chikafa patebulo, mdani wako amataya moyo 2, iwe n'kupeza 2 (moyo ukafika pa ziro, wagonja). Ndipo mdaniyo akafuna kumuloza ndi khadi lomupha, ayambe wapereka nsembe cholengedwa chake. Akapereka, wataya moyo 2 pomwepo. Akakhala alibe chopereka, khadi lakelo lapita pachabe.

Tangoganizani chinthu chotere chikutera pa ulendo wachitatu, mnzanu akadali kuyala ma land, makhadi opereka mana.

Mtima unandithawa. Ndinayamba kusonkhanitsa Sorin anayi ndi Vein Ripper anayi, mmodzimmodzi, mwezi ndi mwezi, chifukwa kuno makhadi otere sapezeka mwachisawawa ndiponso ndalama yake si yotola. Ena ndinasinthanitsa ndi makhadi amene ndinawasunga zaka. Mwezi wina ndinachepetsa ndalama yotumiza kumudzi n'kunamizira kuti ntchito yavuta, ndipo zimenezi mpaka lero zimandichititsa manyazi kuposa zonse. Deki inakwana kumapeto kwa Julaye. Ndinasewera nayo Lachisanu katatu. Katatu konseko ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu, mayi akunyumba akundiyang'ana ngati mwana wapeza njinga. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pa 26 Ogasiti 2024 kunalengezedwa kuti Sorin waletsedwa mu Pioneer, pamodzi ndi Amalia Benavides Aguirre, yemwenso ndi vampire. Popanda Sorin, Vein Ripper anabwerera kukhala khadi la mana sikisi lomwe umafa nalo lili m'manja.

Sindidandaula za chiletsocho. Chinali choyenera, ndipo aliyense amene anakhalapo mbali inayo ya tebulo ankadziwa kuti tsiku lake likubwera. Wopusa ndinali ine, amene ndinaona khadi likupambana paliponse n'kuganiza kuti chimenecho ndi chifukwa choligulira, pamene chinali chifukwa choliopera.

Ndisanapitirire, pali za dzina. Mwaona kuti ndikulemba kuti vampire, osati namapopa. Mnzanga wina wa ku Zomba amene timasewera naye amakonda kunena kuti "ndabwera ndi anamapopa anga" akamatulutsa deki m'chikwama, ndipo timaseka. Koma ine polemba dzanja limakana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, ndipo anthu enieni anaphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Vampire wa pamakhadiwa ndi wina: bwana wovala mkanjo, wokhala m'nyumba yachifumu ku Innistrad, dziko lopeka la m'masewerawa, womwera magazi m'kapu yagalasi. Ndi nthano ya azungu, ndipo ikhale ndi dzina lake lachizungu. Mayi anga atabwera kudzacheza anapeza chithunzi cha vampire Olivia Voldaren patebulo ndipo anandifunsa ngati ndimapitabe kutchalitchi. Nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina.

Tibwerere. Vuto la funso lanu, achimwene, ndi liwu loti "amphamvu", chifukwa woyamba kumene amayang'ana manambala a pakona. Inenso ndinayamba choncho. Vampire woyamba amene ndinamukonda anali Sengir Vampire, gogo wa onse, amene analipo kuyambira pomwe masewerawa a Richard Garfield anatuluka mu 1993. Mana asanu, 4/4, wouluka, ndipo amakula akapha cholengedwa chimene wachivulaza. Kumva kokha ukuti ameneyu ndiye mwini bwalo. Koma tasewerani naye muone. Palibe munthu wanzeru amene amaika cholengedwa chake patsogolo pa Sengir kuti amudyetse, ndiye kukula kuja kumachitika mwa apo ndi apo. Lero amangosungidwa chifukwa cha ulemu, ngati wailesi ya agogo. Baron Sengir wa mu 1995 ndiye nkhani yomweyo mokulirapo: mana eyiti. Mukamafika pa mana eyiti anzanu atsuka kale mbale.

Amene ananditsegula maso anali bambo wina waimvi pa sitolo yomwe timasewerera Commander (mtundu wa kaseweredwe momwe deki iliyonse imakhala ndi khadi lotsogolera lotchedwa commander), munthu wosalankhulalankhula, wobwera ndi tiyi wake m'fulasiki. Tinali anayi patebulo. Aliyense anali atadzaza zolengedwa, ine ndili ndi moyo 14 komanso gulu loti ulendo wotsatira ndimalize munthu. Kutsogolo kwa bambowo kunali kakhadi kamodzi komwe palibe anakalabadira: Blood Artist. Mana awiri, 0/1. Ziro, achimwene. Sikangavulaze ndi ntchentche yomwe. Kanangokhala pamenepo kuyambira ulendo wachiwiri, ndipo tonse tinali ndi makhadi okaphera koma tinkawasungira zilombo zazikulu. Bambo aja anamwa tiyi, n'kuponya Damnation, khadi lopha zolengedwa zonse nthawi imodzi. Zinafa 17. Lamulo la Blood Artist ndi loti iye kapena cholengedwa china chilichonse chikafa, wosewera amene mwini wake wamusankha amataya moyo 1, mwiniyo n'kupeza 1. Ndipo popeza zonse zinafera limodzi, kanaziwerenga zonse, ndi imfa yake yomwe. Anandiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti 14 ndi zanga, zitatu zotsalazo anapatsa mnzanga wa kumanja.

Ndinakwera takisi usiku umenewo ndikuwerengabe pa zala.

Ndiye ndinene mosapsatira: vampire wamphamvu kwambiri amene anasindikizidwapo si wa mapiko ndi mano, ndi Blood Artist wa mu 2012 uja, ndipo amene akutsutsa abwere ndi deki yake. Vein Ripper ndi fisi, aliyense amamuona n'kutola mwala. Blood Artist ndi nsikidzi. Umadzuka m'mawa magazi atapita. Ndipo taonani bwino, mphamvu ya Vein Ripper ija ndi ya Blood Artist yemweyo, angoiwirikiza kawiri n'kuiveka thupi lalikulu. Mukamuphatikiza ndi Viscera Seer, vampire wa mana amodzi amene amakulolani kupereka nsembe cholengedwa chanu nthawi iliyonse mwaulere, ndiye kuti imfa ili m'manja mwanu: mnzanu akaloza cholengedwa chanu, mumachipereka nokha, iye n'kutaya moyo. Onjezani Bloodghast wa mu Zendikar, 2009, mana awiri, 2/1, amene amadzuka kumanda nthawi iliyonse mukaika land. Mwamupereka nsembe, mwaika land, wabwera, mwamuperekanso. Satha kutchinga, inde, koma ndani anamulemba ntchito ya ulonda?

Zendikar yomweyo inatipatsa ena awiri oti ndisawadumphe. Vampire Nighthawk, mana atatu, 2/3, wouluka, chilichonse chimene wachikhudza chimafa, ndipo akavulaza inu mumapeza moyo. Si khadi lopambanitsa mipikisano ikuluikulu masiku ano, koma pa tebulo la kunyumba limaimitsa chinjoka cha mana seveni, ndipo mtengo wake ndi wa botolo la zoziziritsa kukhosi. Winayo ndi Vampire Hexmage, amene ukamupereka nsembe amachotsa ma counter onse (tizizindikiro towerengera toikidwa pa khadi) pa khadi limodzi. Zikumveka zopanda pake mpaka mutamva za Dark Depths, land yobwera ndi ma counter khumi a ayezi, yomwe akatha imasanduka Marit Lage, 20/20, wouluka, wosawonongeka. Anthu anapambana nazo mipikisano zimenezi. Kavampire ka mana awiri kutsegulira chitseko chilombo chopha munthu kamodzi n'kamodzi. Apanso wamphamvu ndi wamng'ono.

Pali mmodzi amene ndimamuda koma sindingamubise. Edgar Markov, wa mu Commander 2017. Pa khadi palembedwa mana sikisi, 4/4, koma zimenezo musazilabadire, chifukwa Edgar safunika n'komwe kutsika pabwalo. Ali chikhalire pampando wake wa commander, nthawi iliyonse mukaponya vampire wina amakupatsani ka token (kacholengedwa kowonjezera kosachokera mu deki) ka vampire 1/1 kaulere. Mnzanu sangamuphe, sangamuchotse, chifukwa sali pabwalo. Zili ngati kusewera bawo ndi munthu amene amalume ake akumuponyera nkhomo m'maenje kuchokera pakhonde, inu osaloledwa kudandaula. Akadzati watsika, amaukira nthawi yomweyo ndipo vampire aliyense wanu amakula ndi +1/+1. Ndimati khadi limeneli analipanga mwaulesi, ndipo ndimanena zimenezi ndili ndi deki yake m'chikwama. Mukakhala naye patebulo dziwani kuti anthu atatu aja agwirizana kale za inu musanaponye kanthu.

Mwina mudzamva wina akutchula Vito, Thorn of the Dusk Rose. Mukapeza moyo, mdani amataya wofanana. Mukamuika pamodzi ndi Exquisite Blood, kapena Bloodthirsty Conqueror wa mu Foundations 2024, amene amakupatsani moyo mdani akataya wake, ziwirizi zimangopatsirana mpaka tebulo lonse litagona. Zimagwira ntchito. Koma mukapambana nazo kawiri motsatizana, Lachisanu linalo mupeza mipando yonse "ili ndi eni ake".

Tsono mugule chiyani?

Choyamba funsani anthu a pa sitolo yanu kuti amasewera mtundu uti, chifukwa khadi lololedwa mu Commander likhoza kukhala losaloledwa mu Standard kapena Pioneer. Ngati ndi Commander, monga ndikuganizira, yambani ndi Blood Artist, Viscera Seer, Vampire Nighthawk ndi Bloodghast. Ndalama ikatsala tengani Bloodline Keeper wa mu Innistrad, 2011, amene amabala vampire wouluka 2/2 ulendo uliwonse ndipo mukafika asanu amatembenuka n'kuwapatsa onse +2/+2. Kalitas, Traitor of Ghet ndi wabwino ngati anzanu amakonda kudzutsa zakumanda, chifukwa zolengedwa zawo zikamafa amazichotseratu mumasewera n'kukupatsani Zombie, kungoti zimenezo zimamana Blood Artist chakudya, ndiye musadabwe. Edgar mumugule pomaliza, mutatsimikiza kuti masewerawa simuwasiya chaka chino.

Vein Ripper mmodzi yekha akukwanirani, popeza mu Commander khadi lotere limakhala limodzi mu deki. Sorin musagule. Mmodzi ndinamuika mu deki ya Edgar, komwe ndi wololedwa ndipo amagwira ntchito yake bwinobwino. Atatu enawo ali m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Nditumizireni adiresi ya komwe mungakatengere katundu, mmodzi ndikupatsani.