Atulutseni m'kalasi akaone anthu akulimbana ndi foni

Achimwene, mwati mwapatsidwa kalasi ya Human-Computer Interaction (phunziro la kapangidwe ka mapulogalamu osavuta kwa anthu owagwiritsa ntchito) ku yunivesite, koma ophunzira anu akungofuna kulemba mapulogalamu, za munthu amene adzawagwiritse ntchito akuziona ngati zotayitsa nthawi. Ndiye muyambire pati? Ine ndaphunzitsako phunziroli kuno ku Joni, ndipo vuto limeneli linandisowetsa tulo.

Sabata yoyamba musawasunge m'kalasi. Atumeni awiriawiri ku Bree kokwerera matakisi kapena ku Park Station kokwerera sitima ndi mabasi, akapemphe anthu kuti aone mmene amagwiritsira ntchito foni: mayi wogulitsa matimati akugula data, m'bale wathu akutumiza ndalama kumudzi. Akabwerako m'pamene muwauze za Don Norman, katswiri wa kapangidwe ka zinthu, amene m'buku lake lomwe linatuluka koyamba mu 1988 anaonetsa kuti chitseko chikakusokoneza, osadziwa kuti ukankhe kapena ukoke, wolakwa ndi amene anachipanga.

Chimene chinasintha kalasi yanga ndi ichi. Mnyamata wina wanzeru kwambiri anapanga app yotumizira ndalama, yokongola zedi. Tinapempha mayi wina wachikulire wakwathu, amene amagwira ntchito ya m'nyumba, kuti aiyese. Atafika pa batani lomaliza anaima, chala chili m'malere. Mnyamata uja anafuna kuwafotokozera, ine ndinamugwira mkono. Patapita kanthawi mayiwo anati sakuona kuti mwana wawo akalandira makwacha angati, ndiye sangadine. Marandi anali kuoneka, makwacha ayi. Mnyamatayo anakhala chete, ndipo usiku womwewo anakaikonza. Luso lovuta kuphunzitsa ndi limenelo, lokhala chete munthu akuvutika ndi chinthu chimene wapanga iwe, chifukwa mawa akamadzachigwiritsa ntchito kwawo iwe sudzakhalapo.

Asanakhudze kompyuta, ajambule zonse papepala, adule ndi sizasi, ayese ndi anthu. Pepala saliumirira, amalitaya mosavuta likalephera. Jakob Nielsen, katswiri wina pa phunziroli, anaonetsa kuti poyesa pulogalamu anthu asanu okha amavumbula mavuto ambiri, choncho pasakhale chowiringula choti anthu sakupezeka. Mfundo zake 10 za mu 1994, zounikira ngati pulogalamu ndi yosavuta kugwiritsa ntchito, muwapatse, koma pambuyo, ataona kale mavuto ndi maso awo.

Pa mamalikisi, ine ndimapereka ochuluka pa zimene asintha atayesa ndi anthu, osati pa kukongola. Ndimafunanso kuti ayese pa foni yotchipa, yosweka galasi, data itatsala pang'ono, ndiponso m'chilankhulo china osati Chingerezi chokha. Dziko lino la South Africa lili ndi zilankhulo 12 zovomerezeka kuyambira 2023, pamene anawonjezera cha manja, osawerengera Chichewa chathu ndi Chishona zimene zadzaza m'matakisi.

Chinanso musaiwale: pitani kaye ku komiti ya yunivesite yoona za kafukufuku ikuvomerezeni, ndipo muwaphunzitse za lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu monga maina ndi zithunzi zawo. Ambiri amene akacheze nawo ndi obwera, ena mapepala awo sali bwino ndipo ali ndi mantha. Asatenge maina, asajambule nkhope, ndipo munthu akakana amusiye mwaulemu.